Nyimbo za m'mafilimu akuluakulu a nyengo yotentha: muyambe ndi chimbale chiti?

Ku America makampani amasunga mafilimu awo okwera mtengo kwambiri kuti awatulutse pakati pa Meyi ndi Ogasiti, ana asukulu ali pa holide ndipo kunja kukutentha. Kwathu kuno imeneyo ndi miyezi ya majuzi ndi chiperoni, koma mafilimuwo amatipezabe. Mwambo umenewu ambiri amauwerengera kuyambira pa 20 Juni 1975, tsiku limene Jaws inatuluka. Munthu amene anaionera filimuyo mukamufunsa za iyo, amayamba wang'ung'udza manoti awiri aja asanatchule dzina la wosewera aliyense.

Vuto limabwera mukafuna kumvetsera nyimbo zoterezi pazokha. Mumalemba dzina la filimu pa YouTube kapena pa Spotify, n'kupeza zimbale ziwiri kapena zitatu zosiyana, china cha okhestra yokhayokha, china cha oyimba otchuka, ndipo kachigawo kamene kanakugwirani mtima mwina sikali pa chimene mwatsegulacho. Zimbale zimenezi zimayenda m'njira zinayi zosiyana, ndipo poziyerekeza ine ndimafunsa mafunso awiri okha. Loyamba: chithunzi chikachotsedwa, nyimboyo imayimabe payokha? Lachiwiri: imafuna chomvetsera chotani kuti imveke mmene anaipangira?

Chuni chimene mumatuluka nacho

Njira yakale kwambiri ndi ya John Williams, wopeka nyimbo za m'mafilimu wa ku America, ndipo ndinena poyambirira pomwe kuti ndi imene ndimaikonda kuposa zinzake. Iye amapatsa munthu, malo kapena ganizo lililonse lalikulu la m'filimu chuni chakechake, n'kumachibweza mosinthasintha: pena ndi lipenga limodzi, pena ndi okhestra yonse, pena mofulumira, pena mwachisoni. Pofika kumapeto mumakhala mutachiloweza musakudziwa.

Jaws ili ndi chitsanzo chochenjera kwambiri. Manoti ake ndi awiri oyandikana, E ndi F, oyimbidwa pansi penipeni, poyamba mochedwa kenako mothamanga. Williams atamuyimbira Steven Spielberg, wotsogolera filimuyo, pa piyano koyamba, Spielberg anaseka poyesa kuti ndi nthabwala. Koma shaki yamakina imene anaipangira filimuyo inkawonongeka pafupipafupi m'madzi amchere a ku Martha's Vineyard, choncho kwa gawo lalikulu la filimu chilombocho sichioneka, nyimbo ndi imene imatiuza kuti chafika. Williams satinamiza. Anyamata awiri akamaopseza anthu pagombe ndi chipsepse chabodza, manoti aja samveka, ndipo woonera amaphunzira kuti popanda nyimbo palibe choopsa. Ndiye patsogolo, mkulu wa apolisi akuponya nyambo m'madzi kuchokera m'boti, shaki imavuuka popanda noti ndi imodzi yomwe. Ola lathunthu la nyimbo linali kukonzekera kamphindi kachete kameneko. Pa chimbale simungakapeze, n'chifukwa chake Jaws ndimaiika m'gulu la zoonera osati zomvetsera. Dziwaninso kuti chimbale cha 1975 anachijambula mwapadera, si mawu enieni amene ali m'filimu.

Star Wars, imene inatuluka pa 25 Meyi 1977, ndi nkhani ina. Nyimbo zake anayimba ndi a London Symphony Orchestra, ndipo zinatuluka pa mbale ziwiri za galamafoni. Aliyense amadziwa malipenga oyambirira aja, koma kachigawo kamene kamakhala nthawi yaitali mumtima ndi kakafupi, kosakwana mphindi imodzi. Luke wakangana ndi amalume ake, watuluka panja madzulo, akuyang'ana madzuwa awiri akulowa. Lipenga limodzi lopindika lija limayamba chuni lokha, mavayolini n'kuchilanda n'kuchikweza. Palibe amene akuyankhula, koma mumadziwa kuti mnyamatayu akufunitsitsa kuchoka pamudzi ndipo sakuona njira. Pa zimbale zatsopano kachigawoka kali ndi dzina loti Binary Sunset. Ngakhale amene sanaonere filimuyo amamva kuti apa pali munthu wolakalaka chinachake. Mu 2005 bungwe la American Film Institute linasankha nyimbo za Star Wars kukhala zopambana zonse m'mbiri ya mafilimu a ku America.

Koma pamene njirayi imafika pachimake ndi pa E.T. ya mu Juni 1982. Mphindi pafupifupi 15 zomaliza ndi nyimbo yosaduka: ana akuthawa apolisi pa njinga, njinga zikunyamuka m'mwamba, kenako kutsanzikana m'nkhalango. Pojambula, Williams ankalephera kugwirizanitsa okhestra ndi chithunzi, chifukwa malo oyenera kugundana anali ochuluka kwambiri moti nyimbo inkauma. Spielberg anazimitsa chithunzicho, n'kumuuza kuti atsogolere oyimba mmene mtima wake ukufunira, ndipo iye pambuyo pake anadulanso filimu kuti itsatire nyimbo. Nthawi zambiri wopeka nyimbo ndi amene amagonjera chithunzi, apa zinatembenuka. Mukamvetsera mosamala mudzazindikira kuti chuni cha kuuluka chija chakhala chikubwera m'zidutswazidutswa kuyambira koyambirira kwa filimu, ndipo chimamveka chathunthu pokhapokha njinga ikachoka pansi. Thupi limachita tsemwe ngakhale mutatseka maso.

Jurassic Park ya mu Juni 1993 ili ndi chidutswa chimene ndingapatse munthu amene sanamvetserepo chimbale cha okhestra. Dzina lake ndi Journey to the Island, chotalika pafupifupi mphindi zisanu ndi zinayi, ndipo muli machuni awiri. Choyamba ndi cha malipenga, helikopita ikuyandikira chilumba. Chachiwiri chimabwera galimoto itayima, asayansi aja atakweza maso n'kuona chinyama cha khosi lalitali chikudya masamba a mtengo. Wina akanaika nyimbo yoopseza pamenepa. Williams anaika chuni chodekha, choyenda ndi manoti oyandikana, chofanana ndi nyimbo ya m'buku imene mpingo wonse umatuluka nayo m'tchalitchi ukuying'ung'udzabe. Anasankha kutiuza kuti anthuwa agwidwa ndi ulemu, mantha adzabwera pambuyo.

Amene anatsatira bwino njira imeneyi m'zaka za pambuyo pake ndi Michael Giacchino pa filimu ya makatuni ya Up, ya mu Meyi 2009. Chidutswa cha Married Life chimafotokoza ukwati wonse wa Carl ndi Ellie m'mphindi zinayi popanda mawu. Chuni n'chimodzi chokha. Chimavina pa tsiku la ukwati, chimafooka akamva kwa dokotala kuti sadzakhala ndi mwana, chimadzukanso, ndipo pomaliza chimatsala pa piyano yokha Carl akubwerera kunyumba yekha. Giacchino anapata nacho mphoto ya Oscar.

Kuipa kwa njirayi kulipo. Pakati pa zigawo zokoma pamakhala nyimbo zaphokoso zoperekeza kuthamangitsana, zimene popanda chithunzi zimatopetsa. Ena amatinso Williams amakuuza zoti umve m'malo mokusiya udzimvere wekha. Dandaulo limenelo ndimalimvetsa, ngakhale sindigwirizana nalo. Ubwino wake waukulu ndi wakuti chuni chimapulumuka paliponse. Pa sipika yaing'ono ya foni, pa wailesi, ngakhale pa mluzu wa mwana, Raiders March ya m'mafilimu a Indiana Jones imakhalabe yomweyo.

Phokoso lomangidwa pang'onopang'ono

Njira yachiwiri ndi ya Hans Zimmer, Mjeremani amene anayambira pa makiyibodi ndi makompyuta osati pa okhestra. Iye nthawi zambiri safuna chuni chachitali. Amatenga kanthu kakang'ono, manoti ochepa kapena kugunda kumodzi, n'kumakabwereza uku akuwonjezera zoyimbira, mpaka holo yonse itanjenjemera.

The Dark Knight ya mu Julayi 2008 anaipeka mothandizana ndi James Newton Howard. Chizindikiro cha Joker, mdani wa Batman m'filimuyi, ndi noti imodzi yokokedwa pa chelo, imene imakwera pang'onopang'ono osafika kulikonse, yosakanizidwa ndi mawu a malezala okwekweredwa pa zingwe. Imayamba filimu isanaonetse nkhope ya aliyense, akuba akukonzekera kuthyola banki. M'filimu imagwira ntchito modabwitsa: mukangoimva, m'mimba mumazizira. Pa chimbale ndi chidutswa choyamba, Why So Serious?, chopitirira mphindi zisanu ndi zinayi, ndipo pakati pake pali malo amene besi imatsika kwambiri moti pa sipika ya foni mumangomva zii n'kumayesa kuti netiweki yaduka.

Inception ya mu Julayi 2010 ndiyo yankho kwa amene amati Zimmer ndi phokoso chabe. Malipenga okhuthala amene anthu amaikumbukira nawo anachokera ku nyimbo ya Édith Piaf ya mu 1960, Non, je ne regrette rien, imene anthu a m'filimuyo amaigwiritsa ntchito podzutsana kumaloto. Zimmer anatenga kugunda koyambirira kwa nyimboyo n'kukuchedwetsa kwambiri, chifukwa m'nkhaniyo nthawi imayenda mochedwa munthu akamalowa pansi m'maloto. Nyimbo ikuchita zomwe nkhani ikunena. Kenako pali Time, chidutswa chomaliza. Ndi makodi ochepa obwerezabwereza, oyamba pa piyano motsitsa, kenako zingwe, gitala ya Johnny Marr, malipenga ndi ng'oma, Cobb, mwini nkhaniyo, akudzuka m'ndege, akudutsa pa ofesi yoona mapasipoti, akufika kunyumba kwa ana ake. Pamapeto zonse zimachoka, n'kutsala piyano ija. Mwa zonse za njira imeneyi, Time ndi imene imayima payokha bwinobwino, ndipo umboni wake ndi kuchuluka kwa mavidiyo a pa intaneti amene amaibwereka.

Dunkirk ya mu Julayi 2017 inapitirira pamenepo. Christopher Nolan, wotsogolera filimuyo, anajambula kugunda kwa wotchi yake ya m'thumba n'kumupatsa Zimmer, ndipo kugunda kumeneko kuli pafupifupi m'filimu yonse. Pamwamba pake anaikapo mawu opangidwa mwaluso lotchedwa Shepard tone, omveka ngati akukwera kosalekeza pomwe akungozungulira malo amodzi. Woonera sapuma. Ndiye maboti ang'onoang'ono a anthu wamba akatulukira kudzapulumutsa asilikali pagombe, nyimbo imamasuka n'kulowa mu Nimrod ya Edward Elgar ya mu 1899, yochedwetsedwa kwambiri moti poyamba simungaizindikire. Abale amene amakhala ku Britain amaidziwa, chifukwa imayimbidwa chaka chilichonse mu Novembala pa mwambo wokumbukira asilikali ku Cenotaph mu London. Kachigawoka kamagwetsa misozi chifukwa cha ola lathunthu la kupanikizika limene ladutsa. Mukakamvetsera kokha kamangokhala nyimbo yabwino yochedwa. Mukamvetsera chimbale chonse muli pa desiki, mutu umawawa. Iyinso ndi yoonera.

Ludwig Göransson wa ku Sweden, yemwe uja anapita ku Senegal kukayenda ndi Baaba Maal popeka nyimbo za Black Panther, anaiyeretsa njirayi pa Oppenheimer ya pa 21 Julayi 2023. Anamanga zonse pa vayolini. Chidutswa cha Can You Hear the Music sichikwana mphindi ziwiri, koma liwiro lake limasintha maulendo 21, ndipo oyimba anachijambula ulendo umodzi wosaduka. Manoti amathamanga mokwera ndi motsika, akuwonjezera liwiro, kusonyeza mutu wa wophunzira wachinyamata amene akuona zinthu zimene anzake sakuziona. Ndi chachifupi, ndipo chimayima pachokha. Komabe pamene bomba loyamba la atomiki likuphulika pa mayeso otchedwa Trinity, nyimbo imaleka, timangomva kupuma kwa anthu, kugunda kwake n'kubwera mochedwa.

Chenjezo langa pa njira yonseyi ndi la chomvetsera. Theka la ntchito ya Zimmer lili mu besi. Popanda mahedifoni abwino kapena masipika aakulu, mwataya bandulo yanu. Chinanso, anthu omutsanzira achuluka kwambiri moti mafilimu ambiri a nkhondo ndi a ngwazi masiku ano amamveka ofanana, ng'oma ndi malipenga okhuthala popanda chokumbukira. Mlandu umenewo si wa Inception, koma umachititsa kuti woimvetsera lero asadabwe mmene anthu anadabwira mu 2010.

Chimbale cha nyimbo za oyimba otchuka

Njira yachitatu ndi yosavuta kulowamo, ndipo ndi imene imagulitsa kwambiri. Top Gun ya mu Meyi 1986 imayamba ndi ndege zikukonzedwa pa sitima yankhondo m'bandakucha, belu likulira pamwamba pa makiyibodi a Harold Faltermeyer, ndipo injini zikangoyaka nyimbo imasintha n'kukhala Danger Zone ya Kenny Loggins. Kusintha kumeneko ndi kokoma kwambiri moti Top Gun: Maverick ya mu 2022 inangokubwereza. Take My Breath Away, yoyimbidwa ndi gulu la Berlin ndipo yopekedwa ndi Giorgio Moroder ndi Tom Whitlock, inapata Oscar, ndipo chimbalecho chinagulidwa makope opitirira 9 miliyoni ku America kokha. Mukachiika pa phwando, palibe amene angafunse kuti n'chiyani ichi.

Guardians of the Galaxy ya mu Ogasiti 2014 inachita chinthu chanzeru kuposa pamenepo. Nyimbo zake zonse ndi zakale, za m'ma 1960 ndi 1970, koma zili m'nkhani yeniyeniyo: ndi kaseti imene mayi anamujambulira mwana wake. Filimu imayamba mu 1988, kamnyamata kali pa benchi m'chipatala kakumvetsera I'm Not in Love ya 10cc pa Walkman, mayi ake akumwalira m'chipinda chapafupi. Patapita zaka 26, munthu yemweyo ali pa pulaneti labwinja, akuvala mahedifoni omwe aja, n'kuyamba kuvina Come and Get Your Love ya Redbone. M'mphindi zochepa mwadziwa kuti munthuyu ndi wanthabwala komanso kuti sanasiye kulira amayi ake. Chimbale chake, Awesome Mix Vol. 1, chinafika pa nambala 1 pa Billboard 200, mndandanda wa zimbale zotchuka kwambiri ku America, choyamba cha filimu kuchita zimenezi chili ndi nyimbo zakale zokhazokha. Koma taonani mbali inayo. Amene sanaonere filimuyo akachimvetsera amangopeza nyimbo 12 zabwino zakale. Chisoni cha kaseti ija chili m'chithunzi, pa chimbale mulibe.

Barbie, imene inatuluka tsiku limodzi ndi Oppenheimer, inayesa kulumikiza mbali ziwirizi. What Was I Made For? ya Billie Eilish ndi mchimwene wake Finneas inalembedwera filimuyo, ndipo Mark Ronson ndi Andrew Wyatt analowetsa chuni chake m'nyimbo zoperekeza, kotero kuti ikamveka ndi mawu kumapeto, pamwamba pa mavidiyo akale a amayi ndi ana awo aakazi, mumakhala ngati munaimvapo kale. Imeneyo ndi nzeru ya Williams yovekedwa zovala za pop. Inapata Oscar komanso Grammy ya nyimbo ya chaka.

Msampha wa njira imeneyi ndi wakuti dzina la filimu pa chikuto silikutanthauza kuti mupezamo zimene munamva. Back to the Future ya mu Julayi 1985 ili ndi chigawo chimodzi mwa zothamangitsa mtima kwambiri m'mafilimu onse: Doc Brown akulendewera pa wotchi ya nsanja, Marty akulimbana ndi galimoto yokana kulira, mphezi ikuyandikira, ndipo okhestra ya Alan Silvestri ikuwerengera masekondi. Koma chimbale cha chaka chimenecho chinadzaza ndi nyimbo monga The Power of Love ya Huey Lewis and the News, ndipo Silvestri anangopatsidwa zidutswa ziwiri. Nyimbo zake zonse zinadzatuluka mu 2009. Batman ya mu Juni 1989 inali ndi zimbale ziwiri: cha Prince chinatuluka limodzi ndi filimu, cha okhestra cha Danny Elfman chinatsatira mu Ogasiti. Ngati chimene mukufuna ndi kwaya ndi zingwe zija galimoto ya Batman ikuthamanga m'nkhalango usiku, chidutswa chotchedwa Descent into Mystery, kwa Prince simuchipeza. Choncho werengani chikuto. Pakalembedwa kuti Original Motion Picture Score, ndi nyimbo zoperekeza za wopeka. Pakalembedwa kuti Music from and Inspired by, muli nyimbo za oyimba, ndipo zina mwina sizinamveke n'komwe m'filimu.

Pamene mawu a munthu ndi okhestra zakumana

The Lion King ya mu Juni 1994 sikwana m'gulu lililonse mwa atatuwa, ndipo kwa ife a kuno kummwera kwa Africa ndi khomo labwino kwambiri lolowera. Mawu oyamba amene amamveka dzuwa likutuluka ndi a Lebo M, dzina lake lonse Lebohang Morake, amene anakulira ku Soweto, anathawira ku Lesotho nthawi ya tsankho, kenako n'kupita ku America. Akuyimba m'Chizulu, iye akuitana kwaya ikuvomera, kayimbidwe kamene khutu lathu silifunika kuphunzitsidwa. Zimmer anali atagwira naye kale ntchito pa The Power of One ya mu 1992, ndipo anamufunafuna dala. Nyimbo zisanu zodziwika zija analemba ndi Elton John ndi Tim Rice, ndipo Circle of Life ya m'filimu anayimba ndi Carmen Twillie.

Koma mtima wa filimuyo uli m'zigawo zopanda mawu a Chingerezi. Nyumbu zikatsetsereka m'chigwa, kwaya ndi ng'oma zimathamanga nazo limodzi, ndipo fumbi likatha, mwana wa mkango akugwedeza bambo ake amene sakudzuka, okhestra imatsika n'kukhala nyimbo ya maliro. Zimmer bambo ake anamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo wanenapo poyera kuti chigawochi anachilemba akuwakumbukira. Zimamveka. Kumapeto, Simba akukwera thanthwe mvula ikugwa, chuni chomwe chija cha maliro chimabweranso chitayimirira, kwaya n'kuchilandira. Uyu ndi Zimmer wa chuni, wosiyana ndi wa Dunkirk, ndipo ndi pamene anapata Oscar yake yoyamba.

Chimbale cha 1994 chinagulidwa makope opitirira 10 miliyoni ku America, koma pa zidutswa 12 zinayi zokha ndi za okhestra: This Land, To Die For, Under the Stars ndi King of Pride Rock. Zitatu ndi Elton John akuyimbanso nyimbo zomwe zili kale pa chimbalecho. Amene akufuna zonse afunefune chimbale cha Legacy Collection cha mu 2014, ndipo amene akufuna Lebo M wochuluka apeze Rhythm of the Pride Lands cha mu 1995.

Pali nkhani imene sindingaidumphe pano. The Lion Sleeps Tonight, imene Timon ndi Pumbaa amaiyimba pang'ono m'filimuyo, inachokera ku Mbube, nyimbo imene Solomon Linda anajambula ku Johannesburg mu 1939. Linda anamwalira mu 1962 ali wosauka, nyimbo yake ikupindulira ena kunja, ndipo banja lake linadikira mpaka 2006 kuti pakhale mgwirizano wolipidwa. Tikamasangalala kuti mawu a kuno anamveka dziko lonse, dzina limenelonso tizilitchula.

Gladiator ya mu Meyi 2000, imene nyimbo zake anapeka ndi Zimmer ndi Lisa Gerrard, ili m'gulu lomweli. Lisa Gerrard wa ku Australia amayimba m'mawu odzipangira yekha, osakhala a chinenero chilichonse, dzanja la Maximus likusisita ngala za tirigu. Now We Are Free imayima payokha popanda vuto. Zigawo za nkhondo za chimbalechi zimafanana kwambiri ndi He's a Pirate ya Pirates of the Caribbean ya mu 2003, imene pa chikuto pali dzina la Klaus Badelt, wa m'gulu la Zimmer. Mukaziika pamodzi mudzamva ubale wake.

Ndiye musankhe chiti?

Ngati chomvetsera chanu ndi sipika ya foni, Zimmer wa The Dark Knight ndi Dunkirk muyambe mwamusiya. Tengani Jurassic Park, Star Wars kapena Top Gun, chifukwa zimenezi mphamvu yake ili pamwamba, m'malipenga ndi m'mawu a woyimba, pamene sipika yaing'ono imakwanitsa. Ngati muli ndi mahedifoni abwino ndipo mukufuna nyimbo zogwirira ntchito kapena zowerengera, Inception ndi Oppenheimer zimathandiza chifukwa mulibe mawu okusokonezani ndipo kugunda kwake kumakukankhani. Williams pa ntchito imeneyi sathandiza kwenikweni, amakukokani khutu mpaka mumasiya cholembera. Paulendo wautali ndi anthu ena m'galimoto, Awesome Mix Vol. 1 sikhumudwitsa aliyense. Pakhomo pamene pali ana ndi agogo, The Lion King.

Ngati bandulo ndi yochepa, musatsitse chimbale chathunthu. Zidutswa zinayi izi zikupatsani kukoma kwa njira zitatu za okhestra zija m'mphindi zosakwana 25: Journey to the Island, Married Life, Time ndi King of Pride Rock. Onetsetsani dzina la woyimba, chifukwa pa intaneti padzaza zojambulanso za pa kiyibodi zokhala ndi chikuto cha filimu, ndipo lipenga la pa kompyuta silipuma mmene munthu amapumira pakati pa manoti.

Funso langa loyamba lija, loti nyimbo imayima payokha kapena ayi, amene amalipambana kawirikawiri ndi Williams, ndipo nditati nditsale ndi chimbale chimodzi chokha ndingatenge E.T. chifukwa cha mphindi 15 zomaliza zija. Koma muionere kaye filimuyo kamodzi musanamvetsere chimbale, ndipo muionere ya mawu ake enieni. Mafilimu omasuliridwa m'Chichewa amene timagawana pa mafulashi ndi okoma m'njira yawoyawo, koma womasulira akamayankhula mawu a filimu amatsitsidwa, ndipo nthawi zambiri amayankhulanso pa zigawo zimene wopeka nyimbo anasiyiridwa kuti afotokoze yekha, monga ukwati wa Carl ndi Ellie kapena kutsanzikana kwa kamnyamata Elliott ndi E.T. m'nkhalango.